Kamzere ka Chikwi

Alamu anga a Verna sanagwirepo ndodo yomenyera mpira pa masewero a bezibo chibadwire, koma m'katauni kathu kuno ku Ohio palibe angadzitame kuti amatha kumenya mpira ngati kope lawo silikuvomereza. Akhala akulemba zaka makumi atatu ndi zinayi. Lamlungu lililonse, kuyambira Meyi mpaka Sepitembala, tikaweruka ku tchalitchi timasonkhana kuseri kwa nyumba ya amuna awo, achimwene anga a Alvin, n'kumasewera ndi mpira wapulasitiki wa mabowo. Ife timathamanga, kukangana ndi kumwa mowa wam'zitini. Iwo amakhala pansi pa mtengo wa maapozi, kope pamwendo, pensulo m'manja.

Ntchitoyi sanaipemphe. Chaka chimenecho anali oyembekezera mwana wawo Noreen, ndipo ine Wendell ndi achimwene tinatsala pang'ono kuponyerana zibakera polimbirana kuti wamenya mipira yambiri mwezi umenewo ndani. Alamu phokoso lathu linawakwana. Anang'amba pepala m'kope lawo la maphikidwe n'kunena kuti kuyambira lero aziwerenga okha, tione amene atsegulenso pakamwa. Ankayesa n'za masabata awiri. Lero makope adzaza makatoni atatu m'galaja, Noreen ali ndi ana ake awiri ku Toledo, ndipo alamu akadali pansi pa mtengo womwe uja.

Kalembedwe kawo sikasintha. Ukamenya mpira n'kufika pa kathumba ka mchenga koyamba anzako a timu ina asanaufikitsepo, amakulembera kamzere pa dzina lako. Koma ukafika chifukwa wogwira wachita chibwana, wataya mpira woti akanaugwira, kamzere sukaona. M'malo mwake cholakwa chimalembedwa pa dzina la wogwirayo. Oweruza kuti uku n'kumenya kapena n'kulakwitsa ndi iwo basi, ndipo sapindika. Anakanizapo kamzere abusa athu, kolala ili m'khosi. Ine andikaniza kosawerengeka, ndipo ka mu 1997 ndikadali nako kumtima, chifukwa mpira umene uja ngakhale mngelo sakanaugwira.

Koma alamu zaka zawapeza. Zala zawo zinapindika ndi nyamakazi atatsuka mapoto m'khitchini ya pasukulu theka la moyo wawo, moti pensulo amachita kuikulunga kansalu kuti igwirike. Masewero akatha amadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Tinayesa kufuna wowalandira, koma aliyense amafuna kumenya, wofuna kukhala pansi palibe. A Duane Pokorny, oyandikana nawo nyumba, anayesapo Lamlungu lina alamu atadwala chimfine, ndipo analembera timizere tiwiri munthu amene tsiku limenelo anali ku ukwati ku Michigan. Kuyambira pamenepo kope silinachokenso m'manja mwa eni ake.

Chinkawapweteka kwambiri alamu chinali Toledo. Noreen ndi namwino, tsiku lake lopuma ndi Lamlungu lokha, ndipo m'miyezi yachisanu msewu wake umaterera, alamu amauopa. Zidzukulu zinkakula iwo akuziona pa foni. Choncho mu Epulo, tikutchetcha bwalo, anatiuza tonse kuti amuna awo akangokwanitsa timizere chikwi, pensulo aiponya pamoto ndipo Lamlungu lililonse azidzuka n'kulunjika kwa mwana wawo. Achimwene anali atatsala ndi timizere khumi ndi tiwiri. Tonse tinati zimenezo zitha Juni asanathe.

Achimwene anafika pa 999 mu Julaye, n'kuima pomwepo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri, mawondo anatha kalekale m'fakitale ya magalasi. Mpira ankaumenyabe bwino, koma pofika pa kathumba ankapeza mpirawo utafika kale, wogwira akukanda m'mutu. Masabata khumi anatha choncho. Dokotala anali atawauza kuti mu Disembala awachita opaleshoni, ndipo za kuthamanganso sanalonjeze kanthu. Ine zinkandinyansa kuona nkhalamba ziwiri zikuzunzika ndi kamzere kamodzi, kanthu kochepa ngati kachitsotso ka machesi.

Lamlungu lomaliza la Sepitembala kunali kamphepo kozizira, masamba atayamba kugwa. Akazi anga ankawotcha masoseji ndi chimanga pa khonde. Ndinakokera a Duane kuseri kwa galaja, popeza ndiwo ankaponya mpira ku timu yathu, ndipo achimwene anali ku timu inayo. Ndinawauza kuti aponye mofewa, zotsalazo andisiyire. Anandifunsa ngati ndawaiwala a Verna. Ndinayankha kuti munthu wotopa chotere akaona khomo lotseguka safunsa kuti watsegula ndani.

Nthawi yomaliza yoti achimwene amenye itakwana, a Duane anaponya ngati akupatsira mwana lalanje. Achimwene anamenya, mpira unagunda pansi n'kuyamba kugubuduka molunjika pamene ndinaima ine. Ndinawerama, ndinatambasula manja, kenako n'kuulola kudutsa pakati pa miyendo. Ndinadzigwetsa pa udzu kuti zioneke zoona. Amene anali kumbuyo kwanga anautola mosafulumira, ndipo achimwene anatsimphina mpaka kufika pa kathumba, akupuma mwaphuma. Anthu anaomba m'manja, wina anayamba kuliza hutala ya galimoto. Kenako tonse tinatembenukira ku mtengo wa maapozi.

Alamu anali atawerama, akulemba. Analemba nthawi yaitali kuposa imene kamzere kamafuna.

"Mwalemba chiyani, mayi a Noreen?" achimwene anafunsa ali pa kathumba pomwepo.

"Cholakwa cha alamu anga a Wendell."

Hutala ija inasiya. A Duane anayamba kufotokoza kuti udzu unali wonyowa, ena akuti mpira unadumpha pa kamwala, abusa nawo akuti tsiku ngati lero chifundo chili ndi malo ake. Alamu anangotseka kope n'kuliika m'chikwama. Achimwene anandiyang'ana ine, udzu uli m'mawondo.

"Iwe Wendell, mpira wotero sunautayepo ngakhale utaledzera," anatero. "Ukundiyesa wopemphapempha?"

Anatsika pa kathumba n'kulowa m'nyumba osatenga soseji. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unaposa. Anthu atabalalika ndinawapeza alamu m'khitchini akuviika zala m'madzi ofunda, ndipo ndinawalankhula mosabisa. Ndinati kamzere kamodzi sikakanapha munthu, palibe nyuzipepala ikanabwera kudzafufuza, ndipo makope awo onsewo tsiku lina adzangodyedwa ndi mbewa m'galaja. Ndinati ndachitira iwo, osati achimwene. Anandimvetsera mpaka ndinatha mawu.

"Ndikudziwa kuti mwachitira ine, alamu," anatero. "Mukuganiza kuti dzanja silinafune? Linafuna, ndithu. Koma bambo aja timizere 999 anatithamangira ndi mawondo awo. Ndikawaikira kabodza pamwamba, tonse tija tisanduka timphatso ta akazi awo."

Ndinawafunsa kuti nanga opaleshoni ikakanika, achimwene osathamanganso? Anati ndiye kuti kope lidzanena 999, chifukwa ndi zimene zinachitika. Analankhula osakweza mawu, maso ali pa beseni, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wasenza katundu ulendo wautali n'kumva kuti basi yadutsa kale. Apo mkwiyo unandithera, ndinangowamvera chisoni.

Ndinatuluka kukatola timatumba ta mchenga ndi zitini pabwalo. Achimwene anali pa khonde, mwendo atausanjika pa mpando, akufunsa a Duane kuti munthu akachitidwa opaleshoni ya bondo mu Disembala angayambe liti kuyeserera kuthamanga. Windo la kukhitchini linali lotsegula, ndipo ndinamva foni ikulira. Anali Noreen, amene ankadikira kumva ngati akonze chipinda cha amayi ake.

"Ayi mwanawe, usavutike," ndinamva alamu akutero. "Chaka chamawanso Lamlungu musandiyembekezere. Bambo ako atsala ndi kamodzi."