Mayi Vernell Akana Kuchoka Paphompho

Mayi Vernell Hance anabadwira pamwamba pa phompho la m'mbali mwa nyanja ku Calvert, n'kukalambira pomwepo. Amuna awo anali msodzi wa nkhanu. Atamwalira bambowo, mayiwa anatsala ndi nyumba, mawondo otupa, ndi nkhono zawo.

Sizinali nkhono zamoyo ayi. Zinafa kalekale, pamalopo pakadali nyanja, n'kukwiririka m'dongo, ndipo phompho likagumuka zimagwera kugombe. Zambiri n'zoyera, zofumbutuka ngati choko, koma iwo ankasaka nkhono yotchedwa Ecphora: yofiirira, yolimba, ya nthiti zokhuthala zozungulira chigoba, ndi mchombo wakuya kunsi kwake. Za nthiti zinayi ankaziika pawindo la kukhitchini, za nthiti zitatu pakhonde, poti si mtundu umodzi. Mlendo akazisakaniza, khofi ankangomumvera fungo.

Phompho lomwelo linkadya bwalo lawo chaka ndi chaka. Mkuntho wina utagwetsa khonde lonse, mwana wawo Dwight anathamanga kuchokera ku Baltimore.

"Amayi, longedzani. Ndakupezerani malo kunyumba ya okalamba. Kuli anamwino usana ndi usiku."

"Pita iweyo. Chimimba chakocho ndiye chikufuna namwino."

"Tsiku lina mudzadzukira m'madzi!"

"Ndiye kuti ndasamba kale. Chokapo apa, wanditsekera njira."

Anatenga ndodo n'kutsetserekera kugombe. Matabwa a khonde anali mbwee, nkhono zawo zambiri zitaphwanyika. Analira pang'ono, atafulatira mwana wawo, kenako anayamba kutola zotsala.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, anaima pakhomo n'kugwira mkono wa Purnell Gross, wodziwa kusamutsa nyumba zamatabwa.

"Purnell, ndinakusintha matewera ine. Mawa ubwere ndi thirakitala."

Amuna a mumpingo anaitukula nyumbayo n'kuikokera kumbuyo, m'munda wakale wa fodya pafupi ndi msewu. Mayi Vernell anakhala pampando pakapinga, akukalipira aliyense wogwedeza mawindo. Dwight anakankha nawo, thukuta kamukamu, akung'ung'udza.

Mayi Vernell anakhala m'nyumbamo mpaka imfa. Mawondo atakaniratu, ankatsika masitepe a kugombe chokhala, imodziimodzi, diresi ikudetsedwa ndi dongo, anthu odutsa akuyang'ana kumbali. Dokotala atawaletsa, anasintha dokotala.