Ulusi Umene Amalume Anakoka

Izi si zongomva kwa anthu ayi, ndinaziona ndi maso angawa kwathu ku Chia ndili Fomu 1, ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Tinali ndi galu amene ankandiperekeza mpaka pamsewu ndikamapita kusukulu, ndipo chakudya chake chinali mitu ya milamba imene amalume anga, omwe ndi msodzi, ankamuponyera akamatumbula nsomba. Nanga ndani amasuzumira m'kamwa mwa mlamba wopatsa galu? Sabata ina galuyo anasiya kudya, n'kumangodzikakamiza kuseri kwa khitchini osatulutsa kanthu, ndipo Loweruka masana ndinaona ulusi wa mbedza ukulendewera kumbuyo kwake.

Ndinaitana amalume. Anaseka n'kunena kuti lero ndiye awedza nsomba ya miyendo inayi, kenako anandiuza kuti ndimugwire mutu, iwo n'kukulunga ulusiwo pachala monga amachitira m'bwato. Mayi anachonderera kuti achimwene ayambe adikira, koma anawayankha kuti za ulusi asawaphunzitse munthu. Anakoka. Unabwera pang'ono, kenako unakana, iwo n'kukoka mwamphamvu. Galuyo sanalire n'komwe, anangondiyang'ana, thupi n'kulefuka m'manja mwangamu. Anafa m'mawa mwake.

Mayi anaitanitsa alangizi a ziweto poopa chiwewe, ndipo iwo anamung'amba pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinangoima pomwepo, osalira, osanyansidwa, ngati ndikuona chithunzi cha m'buku la Bayoloje. Alangiziwo anandionetsa thumbo lalikulu, lalifupi ndithu, losafika ndi kutalika kwa mkono wanga. Mbedza inali itakola pamwamba pake, pamene thumbo laling'ono limalowera, ndipo matumbowo anali atakwinyikira pa ulusi ngati siketi pa lasitiki, ulusi utawacheka malo angapo. Anati chikhala kuti ulusiwo sunakokedwe, mwina galuyo akanapulumuka. Amalume ankangoyang'ana mzere umene ulusi unasiya pachala chawo.

Misozi sinabwere tsiku limenelo, ndipo mpaka pano sinabwerebe. Koma ndikukhulupirira kuti ndidzaphunzira za ziweto, kuti tsiku lina ndidzakhale ine wofika nthawi isanathe. Anzanga a kunyanja, mukaona ulusi ukutuluka mwa galu wanu musakoke, thamangirani kwa alangizi, chifukwa simukudziwa chimene wakola m'katimo. Amalume masiku ano amayamba apisa chala m'kamwa mwa mlamba uliwonse asanataye mutu wake, chonsecho pakhomo pathu palibenso galu.