Febby ndi Masamu Amene Ankamunjenjemeretsa

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Giredi 12 zinatuluka, Febby anayenda wapansi kuchokera kusukulu mpaka kwawo ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka. Maphunziro ena onse anakhoza. Masamu okha analephera, ndipo popanda masamu sukulu ya unamwino sikanamulandira.

Inu amene munalepherapo mayeso, mukudziwa mmene njira yakwanu imatalikira tsiku lotere.

Munali mu 1990. Bambo ake anali atamwalira pa ngozi ya pafakitale, ndipo banja lonse linkadalira tebulo la amayi ake, a Eness, amene ankagulitsa nyemba ndi kapenta ku msika wa Soweto. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi chokha. Munthu ankayamba wacheuka asanadandaule za mtengo wa ufa. Mbali ya msika imene a Eness ankagulitsirako, wogawa matebulo anali ba Abson, mkulu wina wa m'chipani, mwamuna wokwatira akazi awiri kale.

Sabata isanathe, ba Abson anaima patebulo paja, maso ali pa Febby.

"Namvela mwana wanu wafeluka, ba Eness. Osavutika. Nizamusunga ine, na tebulo yanu palibe azaigwila."

"Akali mwana, ba Abson," anatero a Eness, mawu ali pansi. "Azalembanso mu Novemba."

"Alembe. Ine nizayembekeza."

Kuyambira tsiku limenelo, Febby akangomva kulira kwa galimoto ya bamboyo, ankafunafuna pobisala. Akatsegula buku la masamu, ankaona nkhope yawo m'malo mwa manambala.

Loweruka lililonse, mu holo ya tchalitchi ku Kabwata, mphunzitsi wina wamkazi, ba Chalwe, ankathandiza ana obwereza mayeso. Febby ankakhala kumbuyo, osafunsa kanthu. Chimene chinkamuzunguza mutu kwambiri anali masamu oyeza mwayi woti chinthu chichitike, makamaka funso likayamba ndi kukuuza kuti china chachitika kale. Chaka chathacho mafunso otere anangowalumpha.

Tsiku lina ba Chalwe anamuitana kutsogolo. Anaika m'kathumba nyemba zofiira zisanu ndi zoyera zitatu.

"Pisa, utenge imodzi."

Inatuluka yofiira.

"Isunge m'manja, usaibweze. Tsopano mwayi woti yachiwiri ikhalenso yofiira ndi wotani?"

"Zisanu pa zisanu ndi zitatu," anayankha Febby monong'ona.

Ena anaseka. Misozi inalengeza m'maso mwake, nafuna kukakhala pansi, koma ba Chalwe anamugwira dzanja.

"Iwe mwana, usathawe. Khuthula thumba patebulo. Werenga."

Zofiira zinali zinayi. Zonse pamodzi, zisanu ndi ziwiri.

"Waona? Mutu uli nawo. Vuto lako umayankha ukuthamanga, ngati pali wina akukupirikitsa. Funso likakuuza chimene chachitika kale, ima kaye. Werenga zimene zatsala, osati zimene zinalipo poyamba."

Febby sanawauze kuti womupirikitsa analipodi.

Anayamba kuyeserera pamsika pomwepo. Ogula akachepa, ankatapa nyemba za amayi ake n'kudzifunsa yekha mafunso. Kenako anayamba ovutirapo. M'kalasi muli ana makumi atatu, atsikana khumi ndi awiri, ndipo atsikana asanu ndi anayi akhoza. Ukasankha mwana, n'kuuzidwa kuti ndi mtsikana, mwayi woti wakhoza ndi wotani? Kangapo konse anagawa ndi makumi atatu. Kangapo konse ba Chalwe anamubweza. Pamapeto pake zinamulowa kuti anyamata aja achoka kale m'funso, ndipo yankho ndi asanu ndi anayi pa khumi ndi awiri.

Mu Juni mtengo wa ufa unakwera, mzinda unasokonezeka. Febby ndi amayi ake anali pamsika pamene phokoso linayamba. Anthu ankathamanga mbali zonse, utsi ukuwawa m'maso, mfuti zikulira chakutauni. Awiriwo anabisala pansi pa tebulo, a Eness akupemphera mosalekeza.

Galimoto ija inaima pafupi. Ba Abson anatsegula chitseko.

"Febby, bwela! Kwela, nikupeleke kwanga ku Chelstone. Kuli bata uko."

"Nanga amai?"

"Malo ni ya munthu mmozi chabe."

Kunja kunali zipolopolo, m'galimoto munali bambo uja. Febby anayang'ana amayi ake, ndipo mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Sinizakwela, ba Abson."

Anawagwira dzanja amayi ake, nathawa chowerama, kudumpha njanji, kudutsa m'tinjira ta kuseri kwa nyumba mpaka ku Kabwata. Masiku otsatira asilikali anadzaza m'misewu, anthu akuletsedwa kuyenda dzuwa likalowa. Febby anakhala m'nyumba ndi mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo. Mantha sanathe. Anangophunzira kuwerenga ali nawo.

Bata litabwerera, a Eness anapeza tebulo lawo lapatsidwa kwa munthu wina. Sanadandaule kwa aliyense, popeza wokamuuza panalibe. Anayala thumba pageti la nyumba n'kumagulitsira pomwepo.

"Ni chifukwa cha ine, amai," analira Febby.

"Tebulo ni matabwa chabe. Iwe welenga."

Novembala anafika. Patsamba lachitatu la mayeso panali funso la mipira yakuda ndi yoyera m'bokosi, woyamba utatengedwa osabwezedwa. Dzanja linathamanga n'kulemba nambala ya mipira yonse. Febby anaona, anaika pensulo pansi, napuma kwambiri. Anafufuta. Anawerenga yotsala, nalemba yankho, napitiriza funso lina.

Anakhoza, ndipo anakhoza bwino. Sukulu ya unamwino inamutenga. Amayi ake anagulitsa pageti paja padzuwa ndi pamvula zaka zonse za maphunziro ake, mpaka tsiku limene anamuona atavala zoyera, akupita kukayamba ntchito pa kiliniki ina kufupi ndi Woodlands.

Mwina inunso muli ndi phunziro limene limakuvutani. Mwina kunja kwa kalasi kuli china choopsa kuposa mayesowo, ndipo anzanu sakuchidziwa. Musadikire kuti mantha athe kaye, chifukwa mwina sadzatha msanga. Pitani kwa wodziwa, mufunse ngakhale ena aseke. Mukalakwa, fufutani, muyambenso. Muli ndi mantha choncho, lembanibe. Mtima wokhawo musautaye.