Botolo la Alendo

Matenda anga ndi timainjini takale ta ndege zoseweretsa. Chipumireni ntchito ya uphunzitsi kuno ku Malomo, ndimangokhalira kutipukuta ndi kutithira mafuta a nsatsi, chifukwa popanda mafutawo sitizungulira bwino.

Ndege yanga yatsopano inkasowa galasi lophimba pokhala woyendetsa. Galasilo ndimaliumba potenthetsa botolo la pulasitiki pa chikombole cha mtengo, koma botololo lisakhale lokandika. Losakandika m'nyumba monse linali limodzi, la juwisi amene akazi anga anagulira amayi a kumpingo odzatichezera.

Ndinakhuthulira juwisiyo m'kachigubu kamene ndinkasungiramo mafuta a nsatsi aja. Kutsuka ndinatsuka, koma katsukidwe ka munthu amene mtima uli kumwamba.

Galasi linatuluka lokongola zedi. Alendo nawo anamwa, nayamikira. Nyimbo yachiwiri isanathe, amayi a tcheya anadzuka mwaulemu kulowera kuseri kwa nyumba. Mlembi anatsatira, ulemu utachepako. Posakhalitsa kuchimbudzi kunali mzere.

"Bambo a Chikondi, chachitika n'chiyani?" anandifunsa akazi anga.

"Mwina ndi madzi a pamjigo," ndinatero, maso ali kudenga. Mjigo wosalakwawo anthu anaunyanyala mpaka Loweruka.

Tsiku loulutsa ndegeyo pabwalo la sukulu, akazi anga anaima pambali panga. Inakwera, galasi likunyezimira, ana akukuwa. Akazi angawo anayang'anitsitsa galasilo, nagwedeza mutu.

"Ikuthamanga ndithu ndege yanuyi, bambo," anatero. "Koma amayi a tcheya singawapeze."