Chomangira cha pa Galasi la Abambo

Chaka chimene ndinkakwatiwa, abambo anga anandizunza ndi kanthu kochepa ngati chibangili cha khanda. Iwo ankaliza kilarineti m'bandi kuyambira pa unyamata wawo, ndipo atapuma ntchito anabwerera nayo kwathu kwa Maganga. Mbali yake yoika pakamwa inali yagalasi, yoonekera mkati, mphatso ya mnzawo wa m'bandimo. Pansi pa galasilo pamagona kabango kopyapyala kamene kamatulutsa mawu, ndipo kabangoko kamafuna chomangira. Nkhani yonse inagona pa chomangiracho.

Anali atalonjeza pamaso pa ankhoswe kuti polowa m'tchalitchi adzandiimbira okha. Ine ndinali nditauza kale dziko lonse, mpaka apongozi.

Chomangira chakale chinali chachitsulo, cha tizisikuluwu tiwiri. Akuti chimenecho ayi, ukalimbitsa chiswa galasi, ukamasula pang'ono bango litsetsereka poti galasi n'loterera. Chabwino. Anandituma ku Khombedza kwa wokhoma zidebe kuti akapange china chofewerapo, ine nditatenga kaulusi koyezera, chifukwa galasi lenilenilo silinkatuluka m'nyumba. Nditabwera nacho anangochitembenuza uku ndi uku, osachiyesa n'komwe, akuti chikanda. Ndinakwera njinga kupita ku boma kwa wosoka nsapato wa pafupi ndi depoti, iye n'kusoka chachikopa. Abambo anachimanga, n'kuuzira kamodzi, kunamveka kulira ngati kwa mbuzi yopita kumsika, ndiye akuti chikopa chikumeza mawu. Mphira ya chubu akuti ikununkha. Ulusi wa ukonde umene anatipatsa msodzi wina wakunyanja anaukulunga bwinobwino, kenako akuti ukufinya bango.

Apo n'kuti diresi lisanasokedwe, mpunga wa paukwati usanapunthidwe, ine mapazi atatupa ndi maulendo a chomangira. Zinandiwawa zedi. Ndinawauza amayi kuti amuna awowa andipengetsa, iwo n'kungoti ndiwasiye. Kuwasiya bwanji, ukwati uli pakhomo?

Tsiku lina masana zinandikwana. Ndinawapeza abambo pakhonde, zomangira zonse ataziyala pamkeka ngati akugulitsa. Ndinawauza kuti asankhepo chimodzi, aimbe nyimbo yonse ine ndili pompo, apo ayi ndikauza a kwaya kuti akonzeke. Anandiyang'ana, anatola chaulusi chija, anamanga, n'kuyamba. Mzere woyamba unatuluka bwino ndithu, mpaka amayi anasiya kupeta. Wachiwiri unanjenjemera, n'kuduka.

"Waona? Ulusi umenewu," anatero, akufumbata galasilo.

Koma galasi silisunga chinsinsi. Ndinali nditaona kale kuti malovu a mkatimo anali ofiira. Woimba kilarineti amaluma pagalasipo ndi mano akumwamba, ndipo mano awo akutsogolo anali akugwedera, nkhama zikuchucha magazi. Amayi anadzandiuza pambuyo pake kuti nzimbe ndi chimanga chootcha anali atazisiya kalekale, ine wa maso awiri osaona.

Ndinapsa mtima kuposa poyamba. Munthu wamkulu, kundiyendetsa pa dzuwa la ku Salima lija, m'malo mongonena kuti mwananga, mano andithera! Mawu anali atafika kale pakhosi. Koma iwo anali kalikiliki kupukuta galasilo ndi nsonga ya malaya, maso ali pansi, ndiye ndinangotola zomangira zija n'kukulunga mkeka.

Paukwati anaimba a kwaya. Abambo anabwera ndi kilarineti yawo m'bokosi, n'kukhala nayo pamiyendo tsiku lonse. Pa madyerero, apongozi anga aamuna, amene pakamwa pawo palibe chitseko, anafunsa mokweza kuti nanga nyimbo tinalonjezedwa ija yapita kuti. Anthu anatembenuka. Abambo anayamba kufunafuna mawu, dzanja lili pakamwa. Mkwatibwi sayankhula paukwati wake, amayenera kuzolika ngati sadziwa kanthu, koma ine ndinadzutsa mutu ndili mu velo momwemo.

"Musawaimbe mlandu abambo. Ndine ndinalephera kuwapezera chomangira. M'Salima monse muno mulibe choyenera galasi limeneli."

Anankungwi ananditsina pantchafu. Abambo anavomereza ndi mutu mwamphamvu, anatsegula bokosi lija, n'kuyamba kufotokozera apongozi kuipa kwa chikopa.