Kukatunga madzi amchere a pachiliza cha bambo

Tinanyamuka ku Armadale Loweruka hafu pasiti faifi m'mawa, tili atatu: ine, mayi anga, ndi a Mwale, mkulu wa mpingo kwathu, amene ali ndi kabwato ka injini kokoka ndi galimoto. Linali tsiku lomaliza la mayi kuno kunja, kumene anabwera kudzandiona kuchokera kumudzi. Ndege yawo inali ya sikisi koloko madzulo, ndipo viza imatha tsiku lomwelo. Munthu wanzeru akanakhala pakhomo. Ife tinapakira masutikesi m'galimoto n'kupita kukatunga madzi.

Nkhani yake ndi iyi. Bambo anga anamwalira chaka chatha, ine kumaliro sindinapite, ndinalirira pa foni. Iwo ankakonda kunena kuti adzabwera kudzalawa nyanja yamchere, aone ngati aphunzitsi awo sankanama. Tsono mayi ankafuna botolo limodzi la madziwo, akathire pamanda tsiku lovundukula chiliza mu Ogasiti. Za ine kupita kuchilizako ndinali nditawauza kale kuti tchuthi kuchipatala komwe ndimagwira ntchito n'chovuta, iwo n'kungoti, "Chabwino."

Kugombe la m'tauni ndinawatengera kawiri konse, anakana.

"Apa pakusamba agalu," anatero. "Bambo ako ndikawathire madzi osambamo agalu?"

Ndiye a Mwale anati akudziwa gombe lina kumwera, lopanda munthu, lofikako pabwato.

Titapitirira Mandurah tinaima kuthira mafuta a madola 45. Ndinagulira mayi payi ya nyama ya madola 6. Anaitembenuza kawiri, nati, "Nyamayo aibisiranji?" Anadya mandasi awo a m'chikwama.

Hafu pasiti seveni tinafika potsitsira mabwato, pafupi ndi Australind. Apa si panyanja penipeni ayi. Ndi dziwe lalikulu losazama, lomwe madzi a m'nyanja amalowamo podzera pakakhwawa. Kutsidya kuli chitunda chachitali cha mchenga, nyanja ili kuseri kwake. Tinapeza mzungu wachikulire akukonza maukonde a nkhanu. Anayang'ana bwato lathu, nayang'ana wotchi, n'kutiuza m'Chingerezi kuti madzi ayamba kuphwa. Akuti tikafika kutsidya tiponye nangula pozama, titsike n'kuyenda m'madzi.

A Mwale anathokoza mwaulemu. Titangochoka anaseka.

"Achemwali, ine ndine wa ku Nkhotakota. Ndinabadwira m'bwato. Ameneyu andiphunzitse madzi?"

Ine n'kuseka nawo. Uchitsiru sukhala wa munthu mmodzi.

Ulendo wa pamadzi unatenga mphindi makumi anayi. Njira yake si yowongoka, umatsatira mitengo yozika m'madzi, yofiira ndi yobiriwira, kukhota uku ndi uku pakati pa timilu ta mchenga. Pena madzi ankafika m'mawondo basi, nkhanu za buluu zikuoneka pansi zikuthawa cham'mbali. Mayi, atavala jekete yoyandamitsa pamwamba pa chitenje, anagwira botolo lawo la malita awiri ndi manja onse. Atawona mbalame zakuda za makosi aatali anafunsa ngati zimadyedwa. Ndinati kuno ukagwira imodzi umamangidwa. Anati, "N'chifukwa chake zili ndi matama."

Titafika kutsidya, a Mwale anachita zomwe msodzi aliyense wa kwawo amachita: anakokera bwato pamtunda, kuti mafunde asalitenge. Analikoka ndithu, ine n'kuthandiza.

Kukwera chitunda kunatitengera theka la ola, ntchentche zikutiperekeza. Kuseri kwake, eee! Mchenga woyera mpaka pothera maso, popanda phazi la munthu kapena la galu. Mayi anavula nsapato, nalowa mpaka m'mawondo. Anatapa madzi padzanja, nalawa, nalavula.

"Abambo ake a Thoko," anatero, "aphunzitsi anu sankanama."

Anadzaza botolo. Ine ndinayang'ana kumbali, misozi ili chuchuchu. A Mwale anapemphera, pemphero la mkulu wa mpingo, losadziwa wotchi.

Tinabwerera kubwato leveni koloko. Bwato tinalipeza pomwe tinalisiya. Madzi ndiwo anali atasamuka. Pakati pa ife ndi madziwo panali matope otalika ngati mabwalo awiri a mpira.

"Mayo ine! Nyanja yapita kuti?" anafunsa mayi.

A Mwale anavula chipewa n'kuchivalanso. "Kwathu sizitere," anatero motsitsa.

Ine mutu unali pa wotchi. Kuti tifike kubwalo la ndege folo koloko, tinayenera kukhala m'galimoto pofika hafu pasiti wani. Kupanda apo ndege yapita, viza yatha, ndipo sindinadziwe ngati mayi angadzaloledwenso kubwera mosavuta. Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinawayankhula a Mwale mawu osayenera mkulu wa mpingo.

"Thoko, pakamwa sipakoka bwato," anatero mayi. Anamanga chitenje m'chiuno, natsenza botolo pamutu, nagwira chingwe.

Tinamasula injini, a Mwale anainyamula paphewa n'kukaiika pamulu wa mchenga patsogolo. Kenaka tinkakoka bwato mapazi khumi, kupuma, khumi ena. Matope ankameza miyendo mpaka m'katumba, akununkha ngati mazira owola. Nsapato yanga imodzi ili komweko mpaka lero. Botolo la pamutu pa mayi silinagwedezeke n'komwe.

Wani koloko itayandikira, mzungu wa nkhanu uja anatulukira ndi bwato lake. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangotiponyera chingwe chachitali, nakoka bwato lathu mpaka pozama, ife n'kukwezanso injini ija. A Mwale anamuwombera m'manja atagwada m'matope, iye n'kusowa poyang'ana.

Tinalowa m'galimoto kota tu thuu. Pabwalo la ndege tinafika teni pasiti folo, tinasamba miyendo m'bafa la pomwepo, anthu akutiyang'ana.

Pamzere woyezera katundu ndinatsegula sutikesi kuti ndikulunge botolo m'bulangete. Mayi anandigwira dzanja.

"Lisiye. Sutikesi yalemera."

"Siinalemere, mayi, ndinayeza dzulo. Malo alipo."

"Ndati yalemera." Anandiika botololo m'manja. "Bambo ako ankadikira iweyo, osati madzi. Ubwere nalo wekha mu Ogasiti."

Anakankha sutikesi yawo n'kupita osacheuka.

Paulendowu ndinaphunzira kuti madzi a kuno amachoka n'kubweranso, ndipo kudziwa nyanja ya kwanu si kudziwa nyanja zonse. Chinacho anandiphunzitsa mayi. Botolo lili pamwamba pa firiji, timchenga tadikha pansi pake. Lolemba m'mawa, ndisanavale n'komwe yunifolomu, ndinalemba kalata yopempha tchuthi.