Tsiku Limene Ndinagwadira Bambo Zgraggen

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi anga ananditsekera kunja chifukwa cha dzina la munthu wina. Tinkakhala ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, m'nyumba zosanjikizana zija zomwe masitepe ake amanunkha sopo wokolopera ndi tchipisi cha eni ake. Pamwamba pathu pankakhala bambo ena achikulire ochokera ku Switzerland, omwe kale ankakonza malifiti, zikepe zija zokwerera m'nyumba zitalizitali. Pachitseko pawo panalembedwa kuti Zgraggen. Muliyang'ane bwino dzinalo. Ndikulumbira, wapositi wina atayesa kuliwerenga mokweza anakagona m'chipatala milungu iwiri. Motero mdadada wonse unkangoti Mr Zigzag, iwo n'kumavomera.

Loweruka lina masana ndikutsika ndi mpira, ndinakumana nawo akukwera ndi majumbo. "Awright, Zigzag!" ndinakuwa powapatsa moni monga ankachitira anzanga. Sindinadziwe kuti amayi ali pakhomo, akukutumula kapeti. Kapetiyo anaima m'malere. Fumbi nalo linaima kudikira, ndinaliona ndi maso angawa.

"Takondwa, amene aja ndi anzako a kusukulu?"

"Naw, Mum."

"Undiyankhe m'Chichewa. Ndi dzina lawo limenelo?"

"Aliyense amatero."

"Aliyenseyo ndinabereka ine? Kwera. Ukagwade, ukapepese, ukafunse mmene makolo awo ankalitchulira. Muno usalowe mpaka ulitchule, eni ake avomereze."

Ndinamva kiyi akuzungulira kawiri. Amayi anga sankaopseza munthu, ankangolengeza.

Ndinakwera, ndinagogoda, ndipo chitseko chikutseguka ndinagwada pasimenti yozizira, maso pansi, manja pamodzi, monga tinkachitira akabwera akuluakulu a mpingo. Chomwe ine ndi amayi sitinaganizire n'chakuti ku Glasgow mwana akangoti pansi khu, ndiye kuti wakomoka. Bambo aja anakuwa, anandigwira pachipumi, n'kuthamangira foni kuti aitane ambulansi. Ndinawatsatira choyenda ndi mawondo, poti panalibe amene anali atandiuza kuti ndidzuke. Izi zinangowatsimikizira kuti miyendo yafa.

Nditafotokoza kuti kwathu umu ndi mmene mwana amayankhulira ndi wamkulu, anabweza foni pang'onopang'ono n'kukhala pampando. M'nyumbamo munkanunkha khofi ndi girizi.

"Wabwera kudzafunsa dzina langa?" anatero m'Chingerezi. "Chimwalirireni mkazi wanga, sindinalimvenso m'kamwa mwa munthu mumzinda uno."

Kenaka sukulu inayamba. Anati kwawo chilembo choyambacho amachitchula kuti ts. Pamenepo ndinaseka chamumtima, chifukwa anzanga onse a mu msewu wathu akanathera pomwepo, pomwe ine ndinakula ndi tsabola, tsache ndi tsoka. R wogubuduza uja ndinali naye kale, wa ku Glasgow weniweni. Vuto linali pakati. Lilime lomwe linaleredwa ndi amayi anga limafuna popumira, limati tsi, kenako ki, kenako ra. Dzinali silipatsa munthu mpando. Umangolowa kamodzi n'kutulukira kwinako: Tskraken.

Ndinayesa maulendo makumi anayi ndi asanu ndi awiri, ndinkawerenga. Anapukuta magalasi awo katatu chifukwa cha malovu anga. Ulendo womalizawo anadzuka pampando. Anangovala jekete n'kundigwira paphewa, tinatsika limodzi.

Amayi atatsegula chitseko anayamba kupinda mawondo.

"Chonde, mayi, inunso ayi," anatero bambo aja.

Ndinakoka mpweya n'kulitchula. Linamveka masitepe onse, mpaka galu wa pansi anasiya kuuwa. Bambo aja anagwedeza mutu. "Ngakhale mlongo wanga kumapiri kwathu satchula bwino chonchi."

"Tathokoza kwambiri, a Tsikirakeni," anatero amayi, nkhope ili gwa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze. Bambo aja anandifinya phewa. "Nalonso ndalilandira," anatero.

"Lowa," anatero amayi.

Kuyambira tsikulo ndinali mwana yekhayo mu Dennistoun monse wodziwa kutchula dzinalo, ndipo ndinkawapatsa moni ngakhale ali kutsidya kwa msewu, mokweza, kuti anthu amve. Mpaka lero palibe wandiposa. Wokayika abwere tipikisane.

Pano ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ku Pollokshields, mu Glasgow momwemo, komwe kaundula wa kalasi imodzi amakhala ndi maina a mayiko khumi. Mwana akandiuza kuti, "Mungonditchula Sam, aliyense amatero," ndimatseka kaundula n'kumufunsa kuti kunyumba amati chiyani. Ndinazindikira mochedwa kuti munthu akavomera dzina lolakwika sikuti walikonda, amakhala atangotopa kukonza anthu. Amayi anga anamwalira asanalitchulepo bwino dzina lija. Sanandilange chifukwa cholephera. Anandilanga chifukwa ndinakhala pansi pa bambo aja zaka khumi osawafunsa.